Nyanja ya Pachinsalu Ilibe Mwera

Ukamayenda pamchenga wa ku Chembe, kuja alendo amati Cape Maclear, supita patali usanapeze zinsalu zopentedwa zitayalidwa pansi, miyala itatsindira m'makona kuopa mphepo. Dzuwa lofiira likulowa, bwato lakuda, msodzi ali chilili ngati mthunzi, mlambe kumanzere. Chinsalu chachiwiri ndi chomwecho, kungoti mlambe wasamukira kumanja. Madzi ali zii, ngati mafuta m'mbale.

Tsiku lina m'mwezi wa Julaye mwera unali utakwiya, mabwato onse atakokeredwa kumtunda, asodzi akungosoka maukonde. Ndinakhala pambali pa mnyamata wina amene ankapenta nyanja yabata, pamene nyanja yeniyeni inkatiwaza madzi kumaso. Dzanja lake linali lokhazikika; nkhafi ankaijambula ndi mzere umodzi, osabwereza.

"Achimwene, mwerawu mukuudziwa kuposa ine. Bwanji suoneka pazinsalu zanuzi?"

Anaseka, burashi ili kukamwa. "Akulu, mlendo sagula mantha. Amafuna choti akapachike pabalaza kwawo."

Sindinamutsutse, poti amene amadya za pentiyo ndi iye. Koma chimodzi mwa zithunzi zodziwika kwambiri padziko lonse ndi cha mantha enieniwo, ndipo nachonso anachipangira msika. Ndikunena funde lalikulu la ku Kanagawa, la Katsushika Hokusai wa ku Japan, lomwe linadindidwa cha m'ma 1831, mwini wake ali ndi zaka pafupifupi 70. Ambiri amaliona pamalaya ndi pamafoni osazindikira kuti mkati mwake muli mabwato atatu. Ndi mabwato a liwiro, othamangitsira nsomba zaziwisi kumsika wa ku Edo, kumene lero ndi Tokyo. Opalasa agwada, mitu pansi, monga achitira aliyense amene anakulira panyanja funde likamamugwera.

Luso la Hokusai lagona pamalo amene wakuimika iwe woonera. Wa ku Chembe uja amakuimika pagombe, mapazi ouma. Hokusai wakutsitsira m'madzi, diso lako lili pamsinkhu wa bwato, moti phiri la Fuji, lalitali kuposa onse m'dzikolo, laoneka ngati kachulu kutali uko. Thovu lapansonga pa funde waligawa tizala tokhota ngati zikhadabo za nkhwazi. Ndiye wasankha mphindi imene funde silinagwe. Likanakhala litagwa kale, ikanangokhala nkhani ya maliro.

Komatu chimene timachitcha cha Chijapanichi n'chobwerekabwereka. Buluu wakewo ndi penti amene anayamba kupangidwa ku Berlin, ndipo nzeru yochepetsa zinthu zakutali kuti pepala lioneke lakuya Hokusai anaitola pazithunzi za ku Ulaya zomwe zinkalowa ndi amalonda a Chidatchi padoko la Nagasaki. Kenaka ngongole inabwerera ku Ulaya. Mu 1887, ali ku Paris, Vincent van Gogh anatenga chithunzi cha Utagawa Hiroshige cha mu 1857, cha anthu othawa mvula pamlatho wa Ohashi, n'kuchijambulanso. Mlatho womwewo, anthu omwewo. Koma Hiroshige mvula yake ndi timizere tosemedwa pathabwa, tina topendeka pang'ono kusiyana ndi tinzake, mtsinje uli salala. Van Gogh anaunjika penti wamafuta, mtsinje n'kuyamba kuwinduka ndi zipsera za burashi. M'mphepete anazunguliza zilembo za Chijapani zimene anangokopera pazithunzi zina, osatha kuziwerenga. Pamenepa ndiye anapunthwa, mwa kuona kwanga: anatola chokongoletsa chopanda mawu. Pamtsinje paja ndi pomwe anaphunziradi kanthu.

Wa masiku athu ano amene wautengera patali mchitidwewu ndi Masami Teraoka, wobadwa mu 1936 ku Japan, amene anasamukira ku America mu 1961. Poyamba iye ankajambula ndi penti wamadzi mochita kukunamiza kuti ndi chodinda chakale, mizere yakuda yoonda, mitundu yosalala, zovala zamaluwamaluwa. Ukayandikira ndi pomwe uona kuti pafupi ndi mayi wovala kimono pali chakudya cha ku McDonald's. M'zaka za m'ma 1980 anagwiritsa ntchito njira yomweyi ponena za Edzi, kondomu ili m'manja mwa akazi ovala ngati a m'zithunzi zamakedzana. Kalembedwe kakale kamakukoka ndi kukongola, uthenga n'kukubaya utafika kale pafupi. Pambuyo pake anatembenukira ku zithunzi za m'matchalitchi a ku Ulaya, zija za zigawo zitatu, kuti adzudzule nkhanza za atsogoleri a mpingo. Kwa iye kubwereka ndi msampha wotcheredwa dala.

Kwathu kuno si zachilendo. Ku Mua, m'boma la Dedza, kufupi ndi Mtakataka, bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976, ndipo osema a kumeneko anatenga nkhani za m'Baibulo zimene tinkangoziona ndi nkhope zoyera n'kuzipatsa nkhope ndi zovala zakwathu. Nazonso zinsalu za nyama zamawangamawanga zimene zadzaza misika ya alendo zili ndi fungo la Edward Saidi Tingatinga, amene anayamba kupenta ku Dar es Salaam mu 1968 ndi penti wa njinga. Kukopera sindikuona vuto. Chondidandaulitsa n'chakuti pagombe lathuli aliyense akukopera mnzake wa pambali, diso osaponyanso panyanja.

Chonsecho zojambula zili mbwee. Pa Mangochi boma pali mlatho wa Bakili Muluzi wowoloka Shire, womangidwa ndi thandizo la dziko la Japan lomwelo. Imani pamenepo mvula ya Januwale ikamatsika: akabaza awerama, amayi afunda zitenje kumutu, wina wavala beseni ngati chipewa, bwato likudutsa kunsi. Hiroshige akanangokhala pansi n'kuyamba ntchito. Chapafupi, pambali pa nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Nyanja imene inameza anthu amenewo sindinaionepo pachinsalu cha m'misika ya pagombe. Nanga usiku wa usipa, nyali zili ndandanda pamadzi ngati mudzi, chilimira chikukokedwa? Nanga siliva wa nsomba pathandala dzuwa lili paliwombo?

Palinso china. Funde la Hokusai silinapentedwe ndi burashi papepala lililonse. Iye ankalemba chithunzi, wosema n'kuchigoba pamatabwa, mtundu uliwonse thabwa lake, wodinda n'kumatikita pepala ndi dzanja. Thabwa likatha kusemedwa, mapepala ankatuluka masauzande, otsika mtengo, opepuka. Pa Chembe osema ndi openta amakhala moyandikana, wina ndi tchizulo, wina ndi burashi, aliyense akulimbirana mlendo mmodzi yemweyo, amene chikwama chake n'chodzaza kale.

Mnyamata uja anamaliza dzuwa lake, n'kuyanika chinsalu. Mwera unachinyamula mpaka kumadzi, iye n'kuchithamangira, funde likumufika m'chiuno.