Makobiri a m'kachitini

Ku Mulanje kuno alipo akuluakulu amene amasunga ndalama zachitsulo zakale m'kachitini ka fodya, ndipo ine ndimawavulira chipewa. Agogo anga, amene anathyola tiyi zaka zambiri, anali mmodzi mwa iwo. Akatsegula kachitini kaja ankayamba ndi kobiri yobooka pakati ya nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ya njovu ziwiri, imene anthu ankaitunga pa chingwe kuti isatayike. Kenaka sheleni ya 1964 yokhala ndi chimanga, ndi sisipensi ya tambala wathu, ndalama ikadali paundi, kwacha isanabwere mu 1971.

Sankazikwecha ndi mchenga kapena phulusa. "Mdzukulu wanga, dzimbiri ndi zaka zake," ankatero, atagwira kobiri m'mbali kuti chala chisakhudze nkhope.

Ndinadzamva ndili wamkulu kuti akatswiri ogula ndalama za Aroma pa okushoni ku London amatsata lamulo lomwelo: ndalama yokwechedwa imatsika mtengo. Iwo amapikisana monga amachitira ogula tiyi ku Limbe, kulimbirana dinari ya siliva yokhala ndi mutu wa Augustus kapena Tiberius. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti chilembo "d", chimene masitolo ankalemba pa mtengo wa kobiri, chinachokera ku dinari yomweyo. Agogo sanaidziwe mbiri imeneyo, koma ankakumbukira mchere umene kobiri iliyonse inkagula pa msika wa Chitakale.