Tanganda ndi Mabhurandaya: Mayina Awiri a M'minda ya Tiyi

Akatswiri a zilankhulo akamafufuza mawu obwereka ndi mayina a malonda, kawirikawiri amathera pa kusintha kwa katchulidwe: kuti Surf anasanduka safu, ndi kuti Sobo, dzina lochokera ku kampani ya Southern Bottlers, linafika poimira chakumwa chilichonse chosungunula ndi madzi. Ntchito imeneyi njofunika, koma imasiya funso lalikulu: anapereka dzinalo ndani, nanga linapindulira yani? Minda ya tiyi ya kuvuma kwa Zimbabwe, kuchokera m'chigwa cha Honde, kumene kuli Samanga, kukafika ku Chipinge, ikutha kutithandiza kuyankha funsoli, chifukwa kumeneko anthu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique akhala akuthyola tiyi kwa mibadwo ingapo.

Tiyambe ndi katundu. Tiyi wa Tanganda anayamba kulimidwa mu 1924 pa esiteti ya New Year's Gift ku Chipinge, ndipo dzinali ndi la mtsinje wa m'deralo. Dzina la malo likaikidwa pa paketi, limauza wogula kuti katunduyo ndi wapanthaka, ndi wathuwathu. Momwemonso zinachitikira ndi Mazoe, chakumwa cha malalanje, komanso tiyi wa Chombe ku Malawi. Lero ambiri akamva Tanganda amaganiza za kapu ya m'mawa, osati za mtsinje. Malonda anatenga dzina la malo nalikweza.

Tsopano tione wothyola tiyiyo. Nayenso anapatsidwa dzina la malo. Anthu ochokera ku Nyasaland ankatchedwa Manyasarande, ndiponso Mabhurandaya, kuchokera ku dzina la mzinda wa Blantyre. Mwa malamulo a kapangidwe ka mawu, Tanganda ndi Mabhurandaya anayenda njira imodzi: dzina la malo linasanduka dzina la chinthu kapena la gulu la anthu. Koma pa chikhalidwe anasiyana kutali. Loyamba limanena kuti ichi nchathu; lachiwiri limanena kuti uyu si wathu, ngakhale munthuyo atabadwira pa esitetipo ndipo sanapondeko ku Blantyre. Apa mpamene kusanthula katchulidwe kokha kumaperewera, pakuti kulemera kwa mawu awiriwa sikuli m'maphatikizo mwake.

Olemba anthu ntchito nawonso ankadziwa kutsatsa malonda awo m'Chinyanja. Boma la Southern Rhodesia, pofuna kukopa antchito ochokera kumpoto, linakhazikitsa magalimoto onyamula anthu mosalipiritsa, ndipo ankadziwika kuti Ulere. Bungwe la Rhodesia Native Labour Supply Commission, lomwe linakhazikitsidwa mu 1946 kuti lizipezera mafamu antchito a kontirakiti, linkadziwika kuti Mthandizi. Mawu onse awiriwa ngokoma m'khutu: lina likulonjeza ulendo wopanda mtengo, lina dzanja la mbale. Palibe limene likutchula za malipiro kapena kutalika kwa kontirakiti.

Antchito sanangolandira mayina otere mwakachetechete. Anali ndi mawu awoawo. Wolemba mbiri Charles van Onselen, m'buku lake la mu 1976 lotchedwa Chibaro, anaonetsa kuti antchito a m'migodi ankatchula ntchito ya bungwe lakale la Rhodesia Native Labour Bureau, la mu 1903, ndi liwu lotanthauza ntchito yokakamiza. M'Chichewa cha lero chibalo ndi chilango. Kumudzi nako kunali liwu lake: amene anapita osabwerera ankatchedwa matchona. Choncho ulendo umodzi womwewo unali ndi mayina atatu: kwa wolemba ntchito unali thandizo, kwa wogwira ntchito unali chibalo, kwa mkazi wotsala pakhomo kunali kutchona. Mtanthauziramawu wongopereka tanthauzo limodzi, osanena amene akulankhula, ndiye kuti wasankha mbali osadziwa.

Nkhaniyi si ya mawu okha. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma alendo awa sanakamuke. Anabereka ana ndi zidzukulu m'makomboni a maesiteti. Komabe zitupa za ambiri mwa iwo zinalembedwa kuti ndi obwera, ndipo lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ochuluka anapezeka opanda dziko ndipo sanathe kuvota. Dzina lonyoza la pamsika linali litapeza mnzake mu ofesi ya boma. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anakonza zina: anapereka unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linali la dziko la SADC, ndipo anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma lamulo limasintha tsiku limodzi, pamene dzina lozolowereka pakamwa limatenga mibadwo.

Ophunzira a zilankhulo amene akufufuza mayina a malonda asaleke kulemba mmene Colgate anasandukira kolugeti. Koma pa liwu lililonse afunsenso kuti analitulutsa ndani, analipirira ndani kuti lifalikire, ndipo amene akutchedwa nalo amalilandira motani. Mafunso amenewa ayenera kukafunsidwa kwa ana a othyola tiyi a ku Aberfoyle, ku Katiyo ndi ku Ratelshoek, okalamba amene anafika pa Mthandizi asanathe.