Thomas Baines ndi Njovu ya mu Shire

Mtsinje wa Ruo, umene umachokera m'phiri la Mulanje, umathira mu Shire pa Chiromo, kumunsi kwa dambo lalikulu lotchedwa Elephant Marsh. Dzinali likunena za njovu, koma lero m'dambomo mulibe njovu ndi imodzi yomwe. Mbali ina ya nkhani imeneyi tingaiŵerenge pa chithunzi chimene Thomas Baines anajambula mu 1859: njovu ili m'madzi osaya a mu Shire, anthu a m'sitima yanthunzi akuiwombera.

Baines anabadwira ku King's Lynn, ku Mangalande, mu 1820. Luso la penti analiphunzira kwa mmisiri wokongoletsa ngolo za akavalo, ndipo mu 1842 anapita ku Cape Town. Mu 1858 analembedwa ntchito pa ulendo wa David Livingstone wa mu Zambezi monga wojambula komanso wosunga katundu. Anakhalitsa ku Tete, kumene anajambula tauniyo, mathithi a Kebrabasa ndi anthu akukumba malasha. Mu 1859 Livingstone anamchotsa ntchito pomuimba mlandu wosakaza katundu wa ulendowo, mlandu umene Baines sanauvomere. Anamwalira ku Durban mu 1875.

Luso lake n'losakayikitsa. Pa zithunzi zake mtengo umadziŵika mtundu wake, thanthwe limaoneka kulemera, madzi amaoneka kuti akuyenda. Popeza makamera anali osoŵa nthaŵi imeneyo, zithunzizi ndi mboni ya mmene mtsinje wa Zambezi unkaonekera.

Komabe mboni iliyonse imaona malinga ndi pamene yaima. Ulendo umenewu unkalipiridwa ndi boma la Britain pofuna kupeza njira ya malonda. Nchifukwa chake burashi ya Baines imathamangira malasha, sitima ndi mfuti. Anajambulapo ndithu nkhope za anthu ena, monga mwamuna wa ku Tete wotchedwa Conde, koma kaŵirikaŵiri eni dziko amaoneka ngati opalasa bwato ndi osenza katundu. Pa chithunzi cha njovu chija, woonera wa ku London ankaona mphamvu za makina. Ife a kuno tikuonapo chiyambi cha kutha kwa nyama m'chigwa chathu.

Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Baines kanali kakuthwadi, koma kankameta kumene omulemba ntchito ankafuna. Choncho wophunzira akamayang'ana chithunzi chakale, asangoyamikira kukongola kwake. Adzifunsenso kuti anachijambula ndani, anamulipira ndani, ndipo ndani anaikidwa m'mphepete.