Nyanga ya ku Tete ndi klezmer ya ku Sejny: zimene nsanja imadula

Pa masiku a chikondwerero, monga pa 25 Juni kapena pa 4 Okutobala, magule a makolo sasowa pa pulogalamu m'matauni a m'chigawo cha Tete. Gulu limalowa pakati pa zolankhula za akuluakulu, limavina mphindi zochepa, kenako woyendetsa mwambo amathokoza m'Chipwitikizi. Magule ena amapirira kudulidwa kotere. Nyanga, gule wa zitoliro wa Anyungwe, imavulala nako, ndipo chifukwa chake chagona pa kapangidwe ka nyimboyo.

Andrew Tracey wa ku International Library of African Music anafotokoza guleyu mu 1971 m'magazini ya African Music. Mu 1992, m'magazini yomweyo, Moya Aliya Malamusi wa ku Malawi analemba za gulu lina la ngororombe, lomwe ndi dzina linanso la guleyu. Pa nyanga palibe munthu amene amaimba nyimbo yonse yekha. Aliyense amagwira timabango tochepa tomangidwa pamodzi, tokhala ndi dzina lakelake. Amauzira, n'kuponya liwu la pakamwa m'mipata ya mpweya, uku mapazi ovala maseche akuponda mozungulira bwalo. Nyimbo imamveka yathunthu mbali zonse zikalowana ngati nsungwi za lichero.

Nsanja imasokoneza zimenezi m'njira zitatu. Ovina akauzidwa kuti ayang'ane alendo olemekezeka, bwalo limasanduka mzere, ndipo wa kumapeto samumvanso bwino mnzake amene amayankhana naye. Maikolofoni imodzi imakweza chitoliro chimene chili pafupi nayo n'kumiza zinazo, moti omvera amamva chidutswa chimene paokha sichinena kanthu. Chachitatu ndi nthawi: gulu limayamba ndi anthu ochepa, ena n'kumalowa mmodzimmodzi, ndipo mphindi zisanu zimatha nyimbo isanapse. Mawu a Chinyungwe amene akuimbidwa nawonso amangodutsa popanda wowafotokoza.

Nsanja ili ndi ubwino wake. Mwana wa wogwira ntchito ku mgodi wa malasha amene anachokera ku Beira kapena ku Maputo mwina sakanaiona nyanga kwina kulikonse. Vuto limabwera mwanayo akamaganiza kuti zimene waona pa nsanjazo ndiye gule yense.

Mbiri ya klezmer ikusonyeza kumene njira imeneyi imathera. Klezmer inali nyimbo ya maukwati a Ayuda olankhula Chiyidishi m'timatauni ta kum'mawa kwa Ulaya, yoimbidwa ndi vayolini, kilaneti ndi zing'wenyeng'wenye zina. Chipani cha Nazi chitapha Ayuda 6 miliyoni pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, maukwatiwo anatha pamodzi ndi eni ake. M'zaka za m'ma 1970 achinyamata a ku America anaidzutsa pomvera mbale zakale za Naftule Brandwein ndi Dave Tarras. Ku Sejny, tauni yaing'ono ya ku Poland yomwe ili pafupi ndi malire a Lithuania monga Zóbuè alili pa malire a Malawi, bungwe la Pogranicze linaphunzitsa achinyamata a komweko, ndipo amaimba klezmer m'sunagoge wakale wa m'taunimo. Ntchitoyi ndi yoyamikika, chifukwa ana akudziwa amene ankakhala m'misewu yawo. Komabe omvera amakhala pa mipando, mkwati palibe, ndipo Chiyidishi sichimvekanso pamsika. Ruth Ellen Gruber, m'buku lake la mu 2002 lotchedwa Virtually Jewish, anafunsa tanthauzo la chikhalidwe cha Chiyuda chimene chikuonetsedwa kumene Ayuda kulibenso.

Nyanga sinafike pamenepo. Eni ake ali moyo, ndipo Chinyungwe chikulankhulidwa tsiku ndi tsiku ku Moatize. Koma gule wodalira anthu ambiri okhala moyandikana sachedwa kufooka anthuwo akabalalika. Mu 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja 1,365 a ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe, ena kupita ku Cateme, ena ku 25 de Setembro. Woimba gitala akasamuka amanyamula nyimbo yake yonse. Wa nyanga amanyamula mbali imodzi yokha, ndipo ngati anzake atsala mtunda wa makilomita ambiri, mbaliyo imakhala chete.

Apa ndi pamene sukulu za zilankhulo ziwiri zingachite zimene nsanja ikulephera. Tete ili ndi mbiri pa nkhaniyi: ntchito yoyeserera ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, inaphunzitsa ana m'Chinyanja m'chigawo chino ndi m'Chichangana ku Gaza. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale ya mu 2004 inapatula magawo 20 pa 100 a nthawi kuti akhale a currículo local. Mphunzitsi akaitana gulu la nyanga, alipatse bwalo la panja ndi ola lathunthu, zokuzira mawu zikhale zozimitsa. Ana aime mozungulira, afunse mkulu wa gulu dzina la chitoliro chilichonse ndi nthawi imene guleyu amavinidwa kumudzi. Mawu a nyimbo alembedwe m'chilankhulo chimene aimbidwira, amasuliridwe m'Chipwitikizi pambuyo pake. Ku Zóbuè, kumene ana ambiri amalankhula Chinyanja, kufanizira mawu a Chinyungwe ndi awo ndi phunziro kale.

Si gule aliyense amene angalowe m'kalasi chonchi. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ali ndi zinsinsi za kudambwe, ndipo mphunzitsi ayambe wamva kwa mafumu. Pa nyanga, cholepheretsa chachikulu ndi nthawi, ndipo sukulu ili nayo. Ku Sejny kunalibenso oimba klezmer akale a komweko oti achinyamata awafunse. Ana a ku Moatize angathe kufunsa agogo awo chaka chino.