Liwu Loti "Rightful" ndi Eni Ake a Mtandire

M'nkhani zimene anzanga amabweretsa ku gulu lathu la alembi, liwu loti "rightful" layamba kuchuluka. Ikakhala nkhani ya mkangano wa malo, wolemba amagamula mlandu ndi mawu aŵiri, "rightful owner", ndipo pomasulira amati "mwini weniweni". Ine ndikuti kumasulira kotereku n'kwaulesi, chifukwa kumabisa funso limene nkhaniyo ikadafunsa.

Liwu lachingerezili lili ndi matanthauzo aŵiri. "Right" ndi chilungamo, komanso ndi chimene lamulo lakupatsa, ndipo ziŵirizi siziyendera limodzi nthaŵi zonse. Kuyambira m'chaka cha 1892, Harry Johnston ankapereka zikalata za Certificate of Claim kwa Azungu amene ankati adagula malo kwa mafumu. Pamaso pa lamulo, Azunguwo ndiwo adali "rightful", pomwe eni midzi adasanduka alendo ogwira thangata. Thangata lomwelo ndi limodzi mwa madandaulo amene adautsa John Chilembwe mu 1915.

"Mwini" wathu ndi wina. Mwinimbumba sagulitsa mbumba, amaisamala. Mwini maliro sadyerera malirowo, amawasenza. Kwathu umwini umayamba ndi udindo.

Tsopano tengani mawu aŵiriŵa mupite nawo ku Mtandire. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, anthu ofuna ntchito adachuluka kuposa nyumba. Ambiri adapeza poloti kudzera mwa mafumu, umboni wawo nkukhala anthu amene adalipo ndi kakalata kolemba pamanja, osati chikalata cha boma chonga cha anansi awo a ku Area 47. Mayi amene adaumba yekha zidina, nabzala mango, nalerera ana pamenepo, Chingerezi cha mu ofesi chimamutcha "squatter". Oyandikana naye amamutcha mwini nyumba. Wonama ndani?

Sindikunyoza pepala ai. Mkazi wamasiye amene achibale a mwamuna wake akumulanda nyumba amadziŵa bwino mphamvu ya chikalata. Ndikukana wolemba amene amalemba "rightful" ngati kuti liwulo lidagwa kumwamba, osatiuza amene adapereka ufuluwo: mfumu, boma, ndalama kapena thukuta. Ntchito yogamula ndi ya khoti. Yathu ndi yoonetsa amene wagona panja chigamulocho chikaperekedwa.