Luso la Woima Chilili

Mwera ukamawomba m'mapiri a Dowa mu June ndi July, mpira wa basketball woponyedwa kuchokera patali sumvera mwini wake. Umanyamuka bwinobwino m'manja, koma pofika pa ling'i, mkombero wachitsulo uja wopachikidwa mamita 3.05 kuchokera pansi, umapatuka pang'ono n'kugunda chitsulo. Achinyamata a ku Dzaleka, msasa wa anthu othawa kwawo umene unatsegulidwa mu 1994, amaidziwa mphepo imeneyi. Ambiri makolo awo anachokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo masapota amakuwa m'Chiswahili, m'Chifalansa ndi m'Chichewa momwe: "Ponya! Ponya pomwepo!" Kochi amangokweza dzanja, kukodola wosewera wamtali kuti achoke pansi pa ling'i akwere chakumtunda. Pamenepo madandaulo amayamba: "A kochi, mwana uyu akungoima, sakugoletsa. Mutulutseni!"

Kuima kumeneko ndi ntchito, ndipo dzina lake ndi sikirini. Wamtali uja amasandutsa thupi lake chotchinga, kuti mdani amene akulonda mnzake wa mpira agundepo n'kuchedwa. Amabwera akuthamanga, kenaka n'kudumpha pang'ono kuti mapazi onse atere nthawi imodzi, motalikirana ngati mapewa ake. Mawondo amawapinda, msana n'kuwongoka. Manja amawapingasa pachifuwa kapena kuwagwirizira kutsogolo kwa chiuno, zigongono zili m'kati. Akatulutsa chigongono, akasuntha chiuno kapena kutambasula mwendo kuti akole mdani, woyimbira amaliza wenzulo, mpira n'kupita kwa adani. Ngati waima kumbuyo kumene mdani sakumuona, lamulo limafuna kuti amusiyire danga loti n'kupondapo phazi. Choncho munthu wolemera chotere ayenera kuima zii m'kanthawi kochepa, pamalo oyenera, msana wake utaloza kumene mnzake afuna kudzera.

Wa mpira naye ali ndi gawo lake. Akathamanga msanga, mnzake asanakhazikike, faulo imagwera woimayo ngakhale wolakwa ndi wa mpirayo. Ndiye amadikira. Amanjanjitsa mpira chapansipansi, ndi nsonga za zala, chikhatho chosaukhudza kwenikweni, maso ali kutsogolo. Amapendekera kumanzere ngati apita kumeneko, mdani n'kusunthira komweko, ndiye amatembenukira kumanja n'kudutsa mokhuzana phewa ndi mnzake woimayo. Akasiya mpata woti n'kulowa munthu pakati pawo, ntchito yonse yapita pachabe.

Apa m'pamene pamakoma, chifukwa adani awiri ayenera kusankha mwachangu, ndipo chilichonse chimene angasankhe chili ndi mtengo wake. Wolonda akadzera kumbuyo kwa chotchinga, wa mpira amapeza mpata woponya. Akakakamira kudzera kutsogolo, amatsalira, ndipo njira ya ku ling'i imatseguka. Akasinthana anthu, wamfupi amapezeka akulimbana ndi wamtali pansi pa ling'i. Onse awiri akathamangira wa mpira, wamtali uja amatsala yekha.

Iye sadikira kuuzidwa. Akangomva kugunda pachifuwa, amazungulira pa phazi limodzi, chifuwa n'kuyang'ana mpira, mdani n'kutsekeredwa kumsana kwake, ndipo amatsetserekera ku ling'i dzanja limodzi lili m'mwamba kusonyeza pofikira mpira. Mnzake amaupatsira pougunditsa pansi, cha patsogolo pang'ono pa theka la mtunda wa pakati pawo, kuti udutse kunsi kwa manja a adani n'kufikira m'chiuno. Wamtaliyo amauwakha ndi manja awiri, osautsitsa, amaponda kawiri, n'kuugunditsa pa ngodya ya kabokosi kojambulidwa pa thabwa. Mpira woyenda mtunda wosakwana mita mphepo siipeza nthawi youpatutsa. Zonsezi zimatha m'masekondi atatu kapena anayi mwa masekondi 24 amene timu imapatsidwa kuti iponye. Kochi uja anali atawerenga mphepo pamene masapota amawerenga mapointi atatu a kuseri kwa mzere wa mamita 6.75.

Mkangano wina umabuka kochi akamutulutsa wamtali yemweyo pamene masapota ayamba kumukonda. Masewero ali ndi zigawo zinayi za mphindi 10, ndipo wosewera akafika mafaulo asanu satha kubwereranso. Woima sikirini amagundidwa nthawi zonse, ndipo kumbali yoteteza ndi iyenso amakumana ndi aliyense wolowera ku ling'i. Akapeza faulo yachitatu chigawo chachiwiri chisanathe, kochi amamukhazika pa benchi kuti adzakhalepo m'mphindi zomaliza. Mpunga sautha m'nkhokwe chaka chikadali pakati. Chimodzimodzi nthawi yopumira imene kochi amapempha: ali nayo kawiri m'theka loyamba, katatu m'theka lachiwiri, mphindi imodzi yokha ulendo uliwonse. M'mphindi imeneyo sakalipa zambiri. Amajambula timizere pa kabolodi, mwina pachikhatho ndi chala, n'kusuntha sikirini ija mapazi awiri chakumtunda, kapena kuuza wamtali kuti ulendo uno asatsetsereke koma abwerere m'mbuyo, poti adani aunjikana pansi pa ling'i.

Kaseweredwe kameneka ndi kamodzi kulikonse. John Stockton ndi Karl Malone anakachita limodzi ku timu ya Utah Jazz kuyambira 1985 mpaka 2003, adani akudziwiratu chimene chikubwera koma osatha kuchiletsa, ndipo Stockton anapuma atapatsira mipira 15,806 yobala zigoli. Ku Lilongwe, timu ya Bravehearts, imene yakhala ikuimira Malawi m'mipikisano yolowera ku Basketball Africa League, imasewera m'nyumba mopanda mphepo, koma mapazi a woima sikirini amatera chimodzimodzi ndi a mnyamata wa ku Dzaleka kapena wa pasukulu ya sekondale ku Ntchisi.

Pepala lolembapo zigoli lili ndi malo a mapointi ndi mafaulo, koma a sikirini mulibe. N'chifukwa chake pokambirana za masewero pobwerera kunyumba dzina la woima chilili silimveka kawirikawiri. Kochi amawerenga mwa njira ina: kangati mdani anachedwa ndi theka la phazi, kangati adani awiri anathamangira munthu mmodzi, kangati wenzulo inalira chifukwa chiuno chinasuntha. Pophunzitsa amayamba opanda mpira n'komwe. Kuthamanga, kutera, kupinda mawondo, kupingasa manja, kuzungulira, kukweza dzanja, kenaka kuyambiranso, kumanja ndi kumanzere, mpaka mapazi atazolowera kutera pamodzi popanda mwini wake kuwayang'ana. Mpira amaubweretsa pambuyo pake.