Gule wa Mphindi Imodzi: Luso la Samson Kambalu

Ndewu ikakoma pa kanema m'nyumba zoonetsera mavidiyo pa Migowi kapena pa Chiringa, anyamata amakuwa kuti, "Bwezani! Bwezani!" Woonetsa akabweza, chibakera chomwe chija chimagwanso kachiwiri, nyumba yonse n'kuphulika ndi phokoso. Mphamvu yolamula nthawi kuti ibwerere m'mbuyo ndi imene Samson Kambalu anaisandutsa luso.

Kambalu anabadwa m'Malawi muno mu 1975, anaphunzira ku Kamuzu Academy ndi ku Chancellor College, ndipo anafika pokaphunzitsa zaluso ku Oxford. Ali mwana ankaonera mafilimu a pulojekita omwe ankaduka pakati, woonetsa n'kulumikiza zidutswa mmene zamukomera. Ena ankadandaula kuti zipangizo n'zakutha. Iye anatolapo nzeru, naitcha Nyau Cinema, ndipo mu 2015 timakanema take tinaonetsedwa ku chionetsero cha zaluso cha Venice Biennale.

Anadziikira malamulo okhwima. Kanema asapitirire mphindi imodzi. Zochita zibadwire pomwepo: akafika pa mlatho, pa masitepe kapena pansi pa mtengo, malowo ndiwo amuuze chochita. Mawu achepe, kapena asamveke n'komwe. Zovala ndi za tsiku ndi tsiku, ndipo kamera nthawi zambiri amagwiritsa munthu wongodutsa.

Luso lenileni lili pa kubweza. Kudina batani n'kosavuta. Chovuta n'kuganiza chambuyo usanayambe kujambula. Ukafuna kuti oonera aone chipewa chikunyamuka pansi kudzatera m'dzanja, uyenera kuchiponya, ndipo dzanja lotsegukalo lioneke ngati likulandira, osati likutaya. Ukayenda chafutambuyo kenako n'kubweza kanemayo, munthu amaoneka akupita kutsogolo, komatu mwendo umanyamuka mwachilendo, jekete n'kugwedezeka thupi lisanagwedezeke. Woonera sangaloze pamene palakwika, amangomva m'thupi kuti woyendayo si wa dziko lino. N'chimodzimodzi chilombo cha gule wamkulu chikatulukira pabwalo: miyendo ndi ya munthu, mayendedwe ndi a kumanda.

Kenako amalumikiza mathero ndi chiyambi kuti kanema azizungulira osatha. Apa pamafunika diso lakuthwa, chifukwa podulapo thupi liyenera kukhala pomwe linali poyamba. Akaphonya pang'ono, msoko umaonekera. Akalasa, woonera amaima mphindi zingapo asanazindikire kuti akuona chinthu chomwecho kachisanu.

Mtundu nawo uli ndi ntchito. Timakanemati timakhala takuda ndi toyera kapena tofiirira, tothamanga modukizadukiza monga mafilimu oyambirira opanda mawu. Msewu wa ku Ulaya wojambulidwa dzulo umaoneka wa zaka 100 zapitazo, ndipo pakati pake pali Mmalawi akusewera mwaufulu. M'mafilimu enieni a nthawi imeneyo, munthu wakuda kawirikawiri ankaoneka atasenza katundu wa mzungu. Kambalu amadzilowetsa m'mbiri imene sanaitanidwemo, ndipo amalowamo akuseketsa anthu.

Nzeru yomweyi anaigwiritsa ntchito pa chithunzi cha 1914, chomwe chimaonetsa John Chilembwe ndi mmishonale John Chorley pa tchalitchi chatsopano cha ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Chilembwe wavala chipewa, pomwe masiku amenewo Mwafirika ankayenera kuvula pamaso pa mzungu. Mu 1915 atsamunda anagumula tchalitchicho, Chilembwe naphedwa akuthawira ku Mozambique, dziko lomwe Alhomwe ambiri omutsatira anachokera. Chithunzi chinatsala. Mu Seputembala 2022, ku Trafalgar Square mumzinda wa London, anavundukula chosema cha Kambalu chotchedwa Antelope, dzina lokumbutsa kasiyamaliro wa gule wamkulu. Sanawonjezemo munthu wina, sanachotsemo. Anangosintha msinkhu: Chorley anamusiya wamtali ngati munthu wamba, Chilembwe anamukuza pafupifupi kawiri. Diso limayamba lafika pa chipewa chija.

Luso limeneli lingagwire ntchito ku Phalombe, kumene kuli Migowi ndi Chiringa, dera limene nthaka yake imasintha anthu akuona. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzabweranso. Napolo wa Malichi 1991 anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, ndipo namondwe wa Freddy anabwereza mu 2023. Zithunzi zambiri za kuno amajambula alendo tsoka likagwa. Pomwe lero foni ya m'thumba imabweza, imazunguliza, imasintha mtundu. Wachinyamata wa ku Migowi akhoza kuima malo amodzi m'mphepete mwa Chilwa, mwezi ndi mwezi, n'kulumikiza zidutswazo kuti nyanja ipite ndi kubwera m'mphindi imodzi. Zipangizo ali nazo kale. Chimene angaphunzire kwa Kambalu ndi kudziwa poima, podula, ndi kulimba mtima kutaya zonse zotsala.